Tagi Yanga Inati Ndatuluka, Ine Ndili M'phiko

Ntchito ya ku yadi ya mapiko sindinaifune ndine. Anandipezera ndi amayi, sabata yomwe ndinamaliza mayeso a kusekondale, atatopa ndi makalata a ahedi. Kalata yomaliza inali ya nkhani ya maso. Ndinagula paketi ya timaso tapulasitiki, tija timagwedera, n'kumata pa zithunzi zonse za m'khonde la sukulu, kuyambira pa ahedi akale mpaka pa chithunzi cha chiwindi mu labu ya sayansi. Mpaka lero ndimati inali ntchito yaluso. Amayi luso sanalione. Iwo ndi namwino pachipatala chachikulu cha ku Coventry, masana amagona, madzulo amanyamuka kupita ku wodi, ndiye atawerenga milungu ya tchuthi anaona kuti akandisiya ndekha m'nyumba ku Foleshill, adzapeza alandilodi atatiikira katundu panja.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anandikokera kwa Ankolo Mbewe, amene amayendetsa lole ya bungwe loona za zinyalala m'chigawo chathu. Si achibale ayi, ndi ankolo a kutchalitchi basi. Iwo anati bungwelo limatenga achinyamata kwa milungu ingapo kuti aphunzire ntchito, ndipo ukachita bwino limakulembera kalata yokalowera maphunziro a zaumisiri ku koleji. Amayi anafunsa ngati kumeneko kuli zinthu zoti mwana angaswe. Ankolo anaseka, ati kumeneko kuswa ndiye ntchito yake. Anandilembetsa ndi dzina lawo monga ondidziwa, ndipo potuluka pageti la tchalitchi amayi ananditsina pamkono n'kunena kuti dzina la Ankolo ndilinyamule ngati dzira. Ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi. Ku England ndinabwera ndili ndi khumi ndi ziwiri, kuchokera ku Lilongwe, kutsatira amayi amene anali atakhala kale kuno zaka zambiri.

Yadiyo ili pakati pa Coventry ndi Birmingham, kuseri kwa nyumba zazikulu zosungiramo katundu, komwe basi yachiwiri imakusiya pa siteji yopanda denga. Tsiku loyamba nditakhota pageti ndinaima kaye. Panali zinthu zoyera zitagonekedwa pamatabwa, chilichonse kutalika ngati mabasi awiri olumikiza. Anandiuza kuti zimenezo ndi zidutswa chabe, chifukwa phiko lathunthu silingakhote m'misewu yathu ino, amayamba alidula komwe lachokera.

Anthu ambiri sadziwa kuti makina aja opanga magetsi ndi mphepo amakalamba. Mlongoti wake ndi chitsulo, amangosungunula. Koma mapiko atatu aja, amene ku yadi amati mabuledi, ndiwo amadwalitsa mutu. Amawapanga ndi ulusi wagalasi womatidwa ndi utomoni, pakati n'kuikapo thabwa lopepuka, ndipo amawapanga dala kuti asawole, asathyoke ndi mphepo, asadyedwe ndi mvula. Ndiye akatha ntchito palibe amene amawafuna. Bungwe lathu silinkafuna kuti azikwiriridwa kumadzala ake a zinyalala. Ilo ndi lomwe linkalandira mapepala a phiko lililonse, kuliyeza kulemera, n'kugamula kopita. Zidutswa zabwino zinkapita kukakhala madenga oimikapo njinga ndi mabenchi a m'mapaki. Zotsala zinkaphwanyidwa n'kutumizidwa ku fakitale ya simenti, kumene utomoni umayaka ngati nkhuni ndipo galasi limasakanikira m'simenti momwemo. Mayi wina wa ku likulu la bungwe ankabwera kudzaona kuti fumbi silikuuluka ndiponso madzi akuda sakulowa m'ngalande.

Popeza ndinali ndisanafike msinkhu wogwira makina, anandipatsa zida zitatu: tepi yoyezera, choko chaphula chachikasu, ndi payipi ya madzi. Supavayiza wathu, a Derek, ankandipatsa pepala losonyeza podula, ine n'kuyeza kuchokera kutsinde, n'kujambula mzere kuzungulira phiko lonse. Mzere woyamba umakhala pafupi ndi kukamwa kwa phiko, kutsinde kotseguka kuja, mapazi awiri kapena atatu, chifukwa kutsinde kuli mkombero wa mabauti achitsulo umene suyenera kulowa m'makina ophwanya. Ndikatha, a Gurdip, bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi nduwira yabuluu, ankazunguliza waya wa sowo pamzere wanga. Sowo yake si yamano ayi. Ndi chingwe chachitsulo chokhala ndi timikanda ta dayamondi, chimene injini imachithamangitsa mozungulira mpaka chitadya phiko ngati ulusi wodulira sopo. Madzi amayenera kuthiridwa osalekeza, apo ayi fumbi lagalasi limauluka, ndipo likakulowa m'khosi mwa ovolosi umakanda mpaka sabata yamawa. Zodulidwazo ankazinyamula ndi Kieran pa fokolifiti, kupita nazo ku makina ophwanya aja, amene ine ndinkawatcha chigayo.

Phiko m'kati ndi lamphako. Kukamwa munthu wamfupi ngati ine amalowa chowerama pang'ono, kenako limanka lichepa mpaka umayenda chokwawa. Muli makoma awiri otsata kutalika kwake, ndi waya wa mphezi umene amayenera kuuzula asanadule. Wololedwa kulowamo anali a Gurdip okha, wina atawadikirira kukamwa. Asanadule, Kieran ankawalitsamo tochi, n'kutseka kukamwa ndi thabwa lozungulira ndi lona, n'kumanga ndi malamba aja omangira katundu pa lole, kuti fumbi ndi madzi akuda zisatulukire kumeneko.

Ndiye panali bolodi. Linali pakhoma la kontena ya ofesi, la mizere itatu ya misomali: watuluka, ali pa yadi, ali m'phiko. Aliyense anali ndi tagi, kachitsulo kolembedwa dzina, ndipo ukasintha malo umasunthanso tagi. Sowo isanalire a Derek ankawerenga bolodi mokweza. Aliyense amene tagi yake ili pa yadi ankayenera kuyankha ataima kuseri kwa mzere wachikasu, ndipo mzere wa m'phiko unkayenera kukhala wopanda kanthu. Tsiku loyamba a Derek anagogoda bolodilo ndi chala n'kundiuza kuti, "Ili silinama. Tsiku limene lidzaname, wina tidzamunyamula." A Gurdip anali ndi kamwambo kawo kowonjezera komwe sikanali papepala lililonse: ankamenya phiko katatu ndi hamala ya labala pafupi ndi kukamwa, n'kugunditsa khutu. A Derek ankati zimenezo ndi zachikale, koma sankawaletsa.

Ntchito yokha sinali yolemetsa. Cholemetsa chinali ola la nkhomaliro. Belu likalira aliyense ankalowa m'galimoto yake, kutseka chitseko, n'kudya yekha akuyang'ana foni. Ine galimoto ndinalibe. Tsiku loyamba ndinazungulira ndi bokosi langa la mandasi, kugogoda pawindo lililonse monga tinaleredwera kuti sudya wekha anthu akuona. Aliyense anatsitsa galasi pang'ono, kuthokoza, n'kukwezanso. Tsiku lachiwiri sindinagogode. Ndinkakhala pa mulu wa matabwa kuyang'ana mapiko. Anzanga a kusukulu ena anali kutchuthi, ena makolo awo anawauza kuti andipewe pambuyo pa nkhani ya maso ija. Kunyumba ndikamafika, amayi amakhala akuvala yunifolomu, timalonjerana pakhomo ngati anthu a pa siteji. Mlongo wanga Dalitso anabadwira konkuno, ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi, osachotsa n'komwe maso pa gemu. Ku yadi, pa tagi yanga analemba kuti Maya, ati dzina langa la Mwayi likuvuta kutchula. Panali masiku oti kuyambira pochoka m'mawa mpaka kubwerera, mawu amene ndalankhula ndi a kwa dalaivala wa basi okha.

Ndiye munthu umatani? Timaso tinatsala theka la paketi. Fokolifiti ya Kieran inadzuka ili ndi nkhope yodabwa. Kapu ya a Derek ndinaimangirira ku chogwirira cha chitseko. Bokosi la chakudya la Kieran ndinalikulunga ndi tepi yonse yathunthu, anatsegula belu lobwerera kuntchito litalira kale. A Gurdip ndinkawasinthira magolovesi m'mawa uliwonse, kuti apeze akumanzere okhaokha. Iwo ankangowayang'ana, kupukusa mutu, n'kupita kukafuna linzake m'bokosi. Kieran, amene anandiposa zaka zitatu zokha koma ankadziyesa gogo, ankati ndikule. A Derek anandichenjeza kawiri. Palibe amene anasekapo mokweza. Koma kwa kamphindi yadi yonse inkakuwa dzina langa, ngakhale linali lolakwika, ndipo zimenezo ndinkakwera nazo basi ndikumwetulira.

Tsiku lina kukugwa mvula ndinakausa kukamwa kwa phiko lina, n'kuyamba kung'ung'udza korasi ya kutchalitchi. Mawu anga analowa m'kati n'kubwerera atakula, ngati kwaya ya madoda isanu ili kumapeto uko. Ndinalonjera m'Chichewa, linandilonjera. Ndinalitukwana pang'ono, linandibwezera. Kuyambira pamenepo nkhomaliro ndinkadyera pomwepo, kuliuza nkhani za tsikulo. Ndipo popeza Kieran anali atanenapo kuti sadutsa pafupi ndi manda kukada, mutu wanga unayamba kugwira ntchito wokha.

Tsiku lake linali Lachinayi la sabata yachisanu. Kunkabwera alendo: mayi wa ku likulu uja ndi anthu a kukhonsolo ofuna kuona mmene madenga a njinga amayambira. A Derek anavala vesiti yatsopano yowala. Phiko loti lidulidwe linali lokonzeka, a Gurdip anali atazula kale waya wa mphezi dzulo lake, mizere ndinali nditajambula ndekha. Chotsala chinali choti Kieran atseke kukamwa.

Pulani yanga inali yosavuta. Ndilowe m'kati, ndibisale kuseri kwa khoma, Kieran akabwera ndi thabwa lake amve akufa akumuitana, athawe pamaso pa alendo. Vuto linali limodzi. Akaona tagi yanga pa yadi adziwa kuti ndine. Mzukwa wabwino umafuna umboni woti mwini wake kulibe. Ndiye anthu atatanganidwa ndi kulandira alendo pageti, ndinachotsa tagi yanga n'kuikoleka pamzere wa watuluka, ngati ndapita ku vani yogulitsa tchipisi kumsewu. Foni inali m'loka monga mwa lamulo. Masiki ndi magolovesi ndinazisiya, poti ndimati ndi za mphindi ziwiri.

Kieran anabwera. Ndinaona miyendo yake kukamwa kuja. Ndinayamba pansipansi, mawu a pamaliro, n'kumakweza pang'onopang'ono, kutchula dzina lake molikoka. Ndikunena zoona, m'moyo wanga sindinachitepo bwino choncho. Phiko lonse linalira, inenso tsitsi linandiimirira. Miyendo ija sinagwedezeke. Ndinali nditaiwala kuti a Derek anayatsa chigayo m'mawa umenewo kuti alendo aone, ndipo chigayo chikamalira aliyense amavala zotseka m'makutu. Tochi sanawalitse, anali pa changu. Kuwala kunachepa, kunatsala kachingwe, kenako kunazima. Ndinamva lona likukokedwa, malamba akulira khe, khe, khe.

Ndinaseka. Ndinaganiza kuti wandizindikira ndipo akundibwezera, ndinamutama mumtima kuti kani mnyamatayu ali ndi moyo. Ndinadikira kuti atsegule. Kenako ndinapita kukakankha thabwa ndi phewa. Silinasunthe. Ndinakuwa, ndinamenya ndi manja, koma phokoso la chigayo linkameza zonse.

M'phiko simuda bii ayi. Pamene khungu lake ndi lopyapyala pamalowa kuwala kwachikasu kofooka, ngati uli m'kati mwa dzira. M'kuwala kumeneko ndinaona mthunzi wopyapyala ukutsetsereka pamwamba pa mutu wanga, n'kumva kukhulana kwa timikanda. Anali waya. Ankauika pamzere woyamba, mzere wanga womwe, ndipo ine ndinali nditakhala ndendende pansi pake. Ndinakwawira m'kati. Ulusi wagalasi unkandibaya m'zikhatho ndi m'maondo. Kenako madzi anayamba kugunda pamwamba ngati mvula pa malata, ndiye kuti wina watenga payipi yanga. Palibe anafunsa kuti mwini payipi ali kuti.

Chigayo chinazimitsidwa kuti alendo amve zolankhula. Panali zii. Mawu a a Derek ankandifika ngati akulankhulira m'madzi, akufotokoza kuti pano chitetezo ndicho choyamba, n'kuyamba kuwerenga bolodi. Kieran anayankha. A Gurdip anayankha. Woyendetsa chigayo anayankha. Kenako ndinamva akuti Maya watuluka, wina n'kuponyapo kuti mwina ali ku tchipisi, anthu n'kuseka pang'ono. M'phiko mulibe munthu, anatero a Derek. Basi, nkhani yanga inathera pomwepo. Milungu isanu ndikuvutitsa anthu kuti andione, ndipo kachitsulo kamodzi kanakwanira kundichotsa pakati pawo popanda wina kucheuka.

Apa ndiye pamene pali uchitsiru wanga weniweni, woposa wa tagi. Chigayo chinali chitazima. Ndikanakuwa nthawi imeneyo akanandimva. Sindinakuwe. Ndinaona m'maganizo thabwa likutsegulidwa, ine ndikutuluka chokwawa pamaso pa mayi wa ku likulu ndi anthu a kukhonsolo. Ndinaona kalata ya koleji ikung'ambika. Koma chachikulu ndinaona Ankolo Mbewe akuitanidwa ku ofesi kukayankha za mwana amene anamubweretsa, ndi Lamlungu likubweralo, azimayi onse a kutchalitchi akupatsa amayi moni wachisoni uja wogwira dzanja nthawi yaitali. Mwana woleredwa monga ine amaopa kuchititsa manyazi munthu wamkulu kuposa sowo. Ndinawerengera kuti ndikakwawira kupitirira mzere wachiwiri, adula woyamba, achotsa mkombero, alendo awomba m'manja, apita kukamwa tiyi, ine n'kuzemba. Ndinazitcha nzeru. Ndinalowa mpaka pamene mapewa anayamba kukhudza mbali zonse, n'kugona chafufumimba, kamwa nditatseka ndi kolala.

Injini ya sowo inayaka, waya usanayambe kuyenda. Phiko lonse linanjenjemera, mano anga n'kumagundana okha. Ndinakumbukira fumbi lija, mmene limadzazira m'kati mukatsekedwa, ndi madzi akuda amene ndinkawapopa ndekha tikatha kudula. Komabe ndinakhala chete.

Kenako ndinamva hamala. Du, du, du, kutali kukamwa. Ndinamva a Derek akunena kuti bolodi lili bwino, alendo ali ndi nthawi yochepa. Hamala sinasiye. Masiku onse inkagunda katatu n'kuleka, koma tsiku limenelo inayamba kuyenda. Du, du, phazi limodzi, du, du, phazi lina, kutsata phiko. Injini inazimitsidwa. Kugunda kunadutsa mzere woyamba, kunadutsa wachiwiri, kunafika pamwamba pa msana wanga n'kuima. Ndinagwira mpweya. Mawu a a Gurdip analowa m'khoma, osakweza, ngati akulankhula ndi phikolo.

"Mwana wanga, ngati uli m'menemo, waya ukaduka sutsata mzere wako. Menya kamodzi basi. Zotsalazo ndilankhula ndine."

Ndinadikirabe, sindikudziwa kuti kwa nthawi yaitali bwanji. Iwo sanachoke. Ndinakweza mwendo, n'kumenya khoma ndi nsapato yanga ya chitsulo kutsogolo.

Potuluka ndinabwerera chambuyo, ndiye choyamba kuonekera kwa alendo a kukhonsolo sichinali nkhope yanga. Ndinali nditakonza kale nthabwala yoti ndinene, koma sinatuluke. Kieran anali atakhala pansi m'madzi akuda aja, nkhope ili mbuu, lamba amene anamasula akadali m'dzanja. Ankangobwereza kuti sanawalitse tochi. Ndinafuna kuti aope mzukwa, osati zimenezo. A Derek sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Mayi wa ku likulu anaimitsa ntchito yonse tsiku limenelo, anajambula bolodi mmene linalili, n'kundiitanira mu kontena. Anandipatsa madzi otsukira m'maso, kenako anafunsa ngati alipo amene anandituma kulowa, ndiponso amene anasuntha tagi. Ndinaona khomo lotulukira pamenepo. Ndikanati ndinalowa kukaona mzere n'kuiwala tagi, mlandu waukulu ukanagwera Kieran ndi tochi yake. Ndine wabodza wodziwa ntchito, koma limenelo linandikanika. Ndinawauza zonse, mpaka mawu a mzukwa. Analemba osamwetulira. Kieran anachenjezedwa, ine a Derek ananditenga tagi n'kuiponya mu diroo, ati kalata ya koleji ndiiwale.

Ndikuchotsa zinthu m'loka, a Gurdip anabwera ndi tepi yomatira mabokosi, n'kuyamba kundimata m'zikhatho ndi kumatula, kuti tiulusi tagalasi tizuke. Ndinawafunsa kuti Ankolo, munadziwa bwanji. Anati jekete yanga inali pa msomali pamene kunja kunkazizira, koma chimene chinawadetsa nkhawa ndi magolovesi.

"Milungu isanu ndikupeza akumanzere okhaokha. Lero ndapeza awiri abwinobwino. Ndinati mtsikana uyu mphamvu zake wasungira chinthu chachikulu."

Ndinafuna kuseka, koma m'malo mwake mphuno inayamba kuchucha. Anamaliza dzanja lachiwiri, nandiuza kuti ndikasambe madzi ozizira, osati otentha, chifukwa otentha amalowetsa galasi m'khungu. Sitinaonanenso.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo. Amayi anali atadzuka, akusita yunifolomu pabalaza. Ankolo Mbewe anali ataimba kale. Ndinaima pakhomo kudikira chimphepo, mayankho onse ndinali nditakonza m'basi. Iwo anasita mkono umodzi, anatembenuza, anasitanso womwewo. Za Ankolo sanatchule, za tchalitchi sanatchule, za koleji ayi.

"Iwe Mwayi, akanandiimbira ndili pa shifiti kuti mwana wanu sakuoneka, ndikanawauza kuti mufufuze ku tchipisi, mwana wanga ndi wamasewera. Ndikanawathandiza kusakufunafuna."

Anazimitsa ayironi, anandigwira zikhatho n'kuziyang'ana monga amayang'anira za odwala, kenako anaimba kuntchito kuti sabwera. Aka kanali koyamba kuwaona akujomba chibwerereni kuno. Tinakhala awiri pabalazapo madzulo onsewo. Lamlungu anandiperekeza okha kukapepesa kwa Ankolo, ndinagwada pa kapeti yawo ku Kings Heath, ana awo akundisuzumira pa masitepe. Ankolo anandikhululukira atandiyankhula ola lathunthu. Pambuyo pake anandiuza kuti bungwe linalamula kuti kukamwa kwa phiko lililonse kuzikhala loko, ndiponso kuti wotseka aziwalitsa tochi wina akuchitira umboni. Ndinati ndiye kuti ndathandiza kukonza malamulo a chigawo chonse. Amayi ananditsina pomwe paja.

Tsopano ndimapakira katundu m'mabokosi pa kampani ina ku Coventry, ndipo za koleji ndikuyesanso chaka chino, popanda kalata. Amene akudikira kuti ndinene kuti ndinasiya masewera adikira nthawi yaitali. Sabata yatha mpando wa bwana wathu unapezeka utakulungidwa pulasitiki mpaka kumawilo, ndipo palibe akudziwa amene anachita. Za mzukwa uja chimene chimandiwawa n'chakuti palibe anaumva. Anthu ndingawanamize kuti bwana akuwaitana pamene sakuwaitana, ndingawanamize kuti m'loka mwawo muli khoswe. Bodza limodzi lokha ndinalisiya m'phiko muja. Pepala, bolodi kapena munthu akafunsa kuti Mwayi ali kuti, yankho limakhala loona, ngakhale nditakhala pamalo oti akandipeza ndigwadanso pa kapeti.